Matayala a Msewu wa ku Changata

Tayala lija linafika pakhomo Loweruka masana, ndipo dzuwa lisanalowe linali litayamba kale kudanitsa anthu. Everson analitsitsa m'pikapu yake n'kulitsamiritsa pakhonde. Linali lalikulu, lakuda bii, la mano otalikirana moti chala chachikulu chinkalowa pakati pake. Mnzake wogulitsa matayala ku Limbe anamubwereka limodzi kuti akayese ngati lingazungulire osakhula galimoto. Akakhutira anayenera kukatenga atatu otsalawo.

Everson anali makaniko pa galaja ya esiteti ya tiyi, munthu wa mawu ochepa. Kwa zaka khumi ndi chimodzi anakhala chikamwini pamudzi pa mkazi wake Lestina, m'mphepete mwa minda ya tiyi ku Thyolo. Nyumba anamanga yekha, ya njerwa zowotcha ndi malata, koma dothi linali la apongozi ake, mayi Anesi. Kwawo kwa Everson kunali ku Changata, kumapiri, komwe amayi ake a Vailet ankakhala okha chimwalirire amuna awo. Msewu wa kumeneko ukangosiya tala pa Masambanjati umakwera ndi kutsika osapuma, ndipo mvula ikagwa dothi lofiira lija limaterera ngati sopo.

"Mayi a Tisungane, tabwerani muone," anatero Everson akusisita tayala lija. "Amene ali ku galimotowa ndi a m'tauni. Akangoona matope amayamba kuvina. Awa amaluma pansi. Galimoto ikwera m'mwamba pang'ono, mimba yake sizigundanso miyala."

"Nanga mafuta?" anafunsa Lestina.

"Idya ochulukirapo, sindikunamizani. Pa tala aziliranso mokweza. Koma dzinja likafika ndizifika kwa amayi. Shuga uja sakuwapatsa mtendere. Mukukumbuka chaka chatha ndinasiya galimoto pamtsinje n'kuyenda wapansi maola atatu."

Lestina anagwedeza mutu kuvomera. Iye ankawakonda a Vailet, ndipo sanaonepo choipa chilichonse. Koma nyumba ya mayi Anesi inali pafupi, ndipo eni ake anali pabwalo akusenda chinangwa. Mwambo umati mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso kapena kutsutsana pakamwa. Mayi Anesi ankausunga mwambowu mosamala kwambiri. Koma palibe mwambo umene umaletsa munthu kulankhula ndi nkhuku zake mokweza.

"Idyani msanga inu!" anatero akuwaza makoko. "Pabwalo pano pakubwera thirakitala. Ena akukonza ulendo, ife osatiuza."

Everson anamva. Anangotenga jeke n'kugwada pansi pa galimoto.

Lolemba m'mawa Lestina ndi amayi ake anali m'munda mwawo wa tiyi, madengu kumsana, akuthyola nsonga. Munda umenewu unali wa agogo a Lestina, unadzera mwa amayi ake, ndipo unayenera kudzakhala wake ndi wa mwana wake Tisungane. Mayi Anesi anadikira kuti afike pakati, kutali ndi makutu a anthu.

"Iwe Lestina, uli ndi maso koma suona. Chaka chatha mwamuna wakoyu anapempha chitengwa kuti ukakhale kwawo, amalume ako anakana. Lero wabwera ndi matayala. Ukuganiza ndi a chiyani?"

"Amayi, ndi a msewu basi. Apongozi akudwala."

"Ndani sakudwala? Ine mawondo angawa ali bwino? Galimoto ikatalika ndizikwera ndi makwerero popita ku sikelo ya magazi? Mwamuna akayamba kufewetsa njira ya kwawo, mtima wanyamuka kale. Lero Loweruka lililonse, mawa sabata yathunthu, mkuja wakutenga iwe ndi mwana."

Anasiya kuthyola. Misozi inayamba kutsika, ndipo sinali yonamizira. Mayi Anesi anabereka ana asanu, anayi anaikidwa m'manda, ndipo usiku ndi usana ankaopa kudzafera okha m'nyumba.

"Ndatsala ndi iwe wekha. Ukalola matayala amenewo, ndidziwa kuti wasankha. Munda uno ndiupereka kwa ana a mng'ono wanga, iwe uzikathyola nthochi ku Changata."

Lestina analira nawo. Tsiku lonse sanadye.

Lamulungu lotsatira, anthu atabwera ku tchalitchi, a Zakeyu anafika. Anali mchimwene wawo wa mayi Anesi, mwini mbumba komanso nkhoswe ya banjali. Anakhala pampando pakhonde, Everson pa benchi, amayi awiriwo pamkeka chakumbali, mayi Anesi atapenya kwina. Tayala lija linali pomwepo litatsamira khoma.

"Akamwini, galimoto ndi yanu, palibe akukana," anayamba a Zakeyu. "Koma imagona pabwalo lathu, ndipo mlongo wanga sakugona nayo tulo."

"Amalume, ine sindikuthawa," anayankha Everson. "Nyumba iyi ndinamanga ndi manja anga. Mwana wanga ali pano. Ndikungofuna amayi akadwala ndizifikako. Kodi munthu akakwatira amasiya kukhala mwana wa munthu?"

A Zakeyu anakanda m'mutu. Nkhaniyi inawakulira, ndipo anachita zimene akuluakulu ambiri amachita nkhani ikawakulira: anaiponyera wamng'ono.

"Banja ndi la awiri. Iwe Lestina, nena maganizo ako."

Everson anatembenuka n'kumuyang'ana mkazi wake. Sanali ndi mantha, chifukwa ankadziwa zimene anagwirizana. Lestina anamva amayi ake akupuma mwamphamvu pambali pake. Anazolika, akukolopola ulusi wa mkeka.

"Matayala amene alipowa akadali bwino," anatero motsitsa mawu. "Ilo libwezedwe."

"Mwanena ndi mtima wanu, mayi a Tisungane?"

"Ee."

M'mawa mwake Everson anakweza tayala lija n'kukalibweza ku Limbe. Lestina ankadziuza kuti chaka chamawa amayi ake akadzazizira mtima adzayambitsanso nkhaniyo. Ankaganiza kuti nthawi ilipo yambiri.

Mu Januwale mvula inagwa masiku anayi osakata. Lachitatu cha m'ma teni m'mawa Everson anafika pakhomo akuthamangitsa galimoto, ovolosi ili m'thupi. Anali atalandira foni kuchokera kwa oyandikana nyumba ndi amayi ake: a Vailet agwa pakhomo, sakulankhula. Lestina anangotola chitenje ndi bulangete n'kukwera.

Pa tala anayenda bwino. Atakhota pa Masambanjati galimoto inayamba kupepesuka uku ndi uku. Chitunda choyamba anakwera movutikira. Pa chachiwiri matayala anayamba kuzungulira pamodzimodzi, akulira, akuponya matope kumbuyo. Lestina anatsika n'kuika miyala ndi masamba a nthochi pansi pake. Anakankha mpaka matope anamulowa m'kamwa. Galimoto inasuntha pang'ono, kenako inatsetsereka chambali n'kukhazika matayala awiri mu ngalande.

Anaisiya pomwepo n'kuthamanga wapansi. A Vailet anawapeza akupuma, maso ali otseka. Njinga yamoto sikananyamula munthu wokomoka pa msewu wotero. Amuna anayi a m'mudzi anazula chitseko cha nyumba, n'kuwagoneka pamenepo, n'kuyamba kutsika nawo m'mvula. Zinawatengera maola awiri kufika pa galimoto. Anawaika kumbuyo, mutu uli pamiyendo pa Lestina, ndipo amuna aja anayamba kukumba ndi makasu. Everson ankaponda mafuta akulira ngati mwana.

"Amayi, dikirani pang'ono! Tikutuluka pompano!"

Lestina ndiye anamva kupuma kukusiya. Anaika dzanja pachifuwa, anaika khutu pamphuno. Kenako anagogoda pa galasi la kumbuyo.

"Bambo a Tisungane, zimitsani injini."

Pasanathe theka la ola kunatulukira pikapu ya ogula nthochi, ya matayala akuluakulu a mano. Inakwera chitunda chija osatsetsereka ngakhale kamodzi. Dalaivala wake anali munthu wachifundo. Anaima, anamanga chingwe, ndipo anawasolola mu ngalande mosavuta. Everson anathokoza mwaulemu. Kenako anayang'ana matayala a galimoto ija kwa nthawi yaitali, ndipo Lestina analakalaka nthaka itang'ambika n'kumumeza.

Maliro anaikidwa Lachisanu. Lestina anabwerera yekha pa minibasi, Everson anatsalira kwawo milungu iwiri. Atabwera sanakalipe, sanamenye chitseko, sanatchule kalikonse. Ankadzuka, kupita ku galaja, kubwera, kusamba. Chakudya ankangochigwira pang'ono. Lestina akanakonda kutukwanidwa. Tsiku lina anayesa kuyamba kupepesa, koma Everson anangoti, "Mwana wachita homuweki?" n'kutuluka panja.

Lachisanu lina m'mawa, Tisungane ali ku sukulu, Everson anabwera ndi matayala anayi atsopano a mano aja kumbuyo kwa pikapu. Anaimika galimoto pakati pa bwalo, anaika jeke, n'kuyamba kumasula manati. Lestina ataona, anathamangira m'nyumba. Atalowa kuchipinda anapeza chikwama chili pabedi chotsekedwa, bokosi la zitsulo lili pakhomo. Anatuluka akuthamanga n'kugwada m'matope pafupi ndi mwamuna wake.

"Bambo a Tisungane, mukupita kuti?"

"Kwathu."

"Mubwera liti?"

"Ntchito ndasiya. Nyumba ndi yanu ndi mwana. Za sukulu yake ndizitumiza, akatsekera ndizidzamutenga. A Zakeyu ndawauza dzulo."

"Ndinalakwa! Ndikudziwa kuti ndinalakwa. Ndinaopa amayi. Ndimenyeni ngati mukufuna, koma musandisiye. Zaka khumi ndi chimodzi zithere pa tayala?"

Everson anasiya sipanala. Maso ake anali ofiira.

"Sindikunena kuti munapha amayi. Mwina akanafera m'njira, mwina ku chipatala, amadziwa ndi Mulungu. Koma tsiku lija pakhonde ndinakufunsani ngati mwanena ndi mtima wanu. Mukanati ayi, mwakakamizidwa, ndikanagula matayalawa tsiku lomwelo, anthu anene zimene anganene. Ndinawabweza chifukwa munanena ndinu. Panopa ndikakuyang'anani ndimaona chitunda chija. Ndayesa, mayi a Tisungane. Zikundikanika."

Mayi Anesi anali ataima pakhomo pawo akumva zonse. Ndipo anachita chinthu chimene sanachitepo chikwatiwire mwana wawo. Anawoloka bwalo akutsimphina, n'kufika pamaso pa mkamwini wawo, n'kugwada ndi mawondo odwala aja.

"Akamwini, wolakwa ndine. Mwanayu ndinamuopseza ndine. Mutengeni mupite naye. Chitengwa chija ndalola, ndi pakamwa panga. Munda ndiona chochita."

"Ndipita nanu," anatero Lestina atagwira mwendo wa mwamuna wake. "Ndilongedza pompano."

Everson anavula chipewa chifukwa cha ulemu, nkhope atayang'ana kumbali.

"Amayi, dzukani, musandichimwitse. Chitengwa ndinkachifuna kuti pakhale wowatungira madzi amayi anga, wowakumbutsa mankhwala. Lero akatungira ndani? Kuli nyumba yopanda chitseko ndi manda."

Anamanga tayala lomaliza, n'kutsitsa jeke. Galimoto inaima yaitali, yachilendo. Anakweza chikwama ndi bokosi la zitsulo, matayala akale aja anawasanja bwinobwino kuseri kwa khitchini. Lestina anakakamira chitseko cha galimoto akulira mokweza moti amayi a nyumba zoyandikana anatuluka, manja ali m'chiuno. Everson anachotsa zala zake pachitsekopo chimodzichimodzi, mosamupweteka, n'kutseka.

Galimoto inatuluka pabwalo, matayala aja akukumba mizere yakuya m'dothi lonyowa. Inakwera kanjira ka pakati pa tiyi osazengereza. Phokoso lake linamveka kwa nthawi yaitali itafika kale pa tala.

Mayi Anesi anadzuka movutikira, atagwira mtengo woyanikira zovala. Anayesa kugwira phewa la mwana wawo.

"Abwerera, mwanawe. Mkwiyo wa maliro sukhalitsa. Mwamuna sangasiye nyumba ya malata imene anamanga yekha."

Lestina anachotsa dzanjalo. Analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko mpaka malata analira. Amayi ake anaima panja akugogoda, akuitana dzina lake mobwerezabwereza. Patapita nthawi mawu anamveka kuchokera m'katimo, osasa, opanda mkwiyo.

"Musagogode, amayi. Munkaopa kuti anditenga. Ndilipo. Sindipitanso kulikonse."