Likhweru la Yobe pa Phiri

Kung'animako kunayamba m'nyengo yozizira, mvula itaiwalika kale. Kumwamba kunalibe mtambo ndi umodzi womwe, koma pamwamba pa phiri loyang'anizana ndi esiteti panawala kamodzi, ngati mphezi yopanda mawu, kenaka mdima n'kubwerera wokhuthala kuposa kale.

M'mawa matenanti ankanong'onezana m'chigafa akusankha fodya.

"Mwaona usikuwu? Paja ndi pomwe anagwera Yobe."

Ezelina, mlongo wake wa Yobeyo, anangopitiriza kusankha fodya wake.

Yobe anali tenanti wosakhazikika pansi. Lamlungu lililonse ankakwera phirilo ndi kamera yakale ndi galu wake Mudzaona, kukajambula miyala, mbalame ndi zigafa zooneka ngati mabokosi a machesi. Akafuna kujambula galuyo ankaliza likhweru kawiri, Mudzaona n'kukhala tsonga, makutu chilili. Munthu wina aliyense akaliza, galuyo ankangoyasamula.

Tsiku lina Yobe anatsika nkhope itagwa. M'phanga la m'phirimo anapezamo matumba a feteleza wa makuponi, yemwe uja kapitawo Aloysius ankati sanafike. "Mawa ndikawajambula, anthu aone," anatero. Tsiku lotsatiralo anthu anam'peza m'munsi mwa thanthwe, khosi litathyoka. Aloysius ndiye anathamanga kulengeza kuti mnyamatayo waterereka.

Kamerayo Ezelina anaitola m'udzu, Mudzaona atam'kokera chitenje mpaka pamalopo. Inali itasweka, zithunzi zonse zitatayika, koma kagetsi kake kankang'animabe. Tsono fodya akangotha kugulitsidwa, matenanti onse ankayenera kukwera lole kubwerera kwawo. Ezelina analumbira kuti sachoka Aloysius asanalavule choona ndi pakamwa pake.

Choncho anthu akagona, iye ankafunda nsalu yakuda n'kukwera kanjira ka Yobe, galu patsogolo, minga ikum'kala m'miyendo. Anayambira kung'animitsa kamerayo pamwamba pa phiri. Usiku wina anang'animitsa pakati pa phiri, wina m'munsi, wina kuseri kwa chigafa, masamba ouma akusokosera pamutu pake ngati anthu onong'ona. Kuwalako kunkayandikira nyumba ya kapitawo.

Aloysius anayamba kuonda. Mphekesera zinati sakudya, akugona nyali ili chiyakire, ndipo wakhoma matumba pamawindo. Komabe masana ankayenda ndi ndodo yake, akukalipa.

"Iwe mlongo wa wojambula, galu wakoyo akundilondola. Ndim'thira tameki."

"Pepani bambo," anayankha Ezelina atagwada. "Mwina akumva fungo la mbuye wake."

Kenaka kamera inafa. Ezelina anadina, anagwedeza, anasintha mabatire, koma sinaphethirenso. Lole inali kubwera m'mawa mwake. Anakhala pamkeka pakati pa mitolo ya katundu, kamera ili pamiyendo. Panja panali zii, ngakhale nkhululu sizinkalira.

Ndipo anamva likhweru. Kawiri.

Tsitsi linamuima. Ndani pa esiteti yonseyo akanaliza likhweru usiku, chinthu chimene ngakhale mwana amadziwa kuti chimaitana zoipa? Mudzaona anadzambatuka, nakankha chitseko cha bango, n'kulowa mumdima. Ezelina anam'tsatira, kamera yakufa ili m'manja.

Anam'peza pakhomo pa Aloysius atakhala tsonga, makutu chilili, akuyang'ana pamalo popanda munthu, mchira ukusesa dothi pang'onopang'ono.

M'nyumbamo munang'anima. Kuwala kunatulukira m'ming'alu ya chitseko ndi m'mabowo a matumba aja. Munang'animanso.

"Yobe, leka!" Mawu a Aloysius anang'amba usikuwo. "Ndinangofuna kulanda kamera! Ndinakukankha pang'ono chabe! Feteleza akadali m'phanga, katenge, koma leka kundijambula!"

Zitseko za matenanti zinatseguka chimodzichimodzi. Anthu anaima ndi zofunda zawo, akumva zonse. Lusiya, mayi woyandikana nyumba ndi Ezelina, anam'gwira pamkono n'kuyang'ana kamerayo.

"Ndinkadziwa kuti ndi inu, achemwali," ananong'ona. "Koma lero mukung'animitsa bwanji m'katimo muli panja pano?"

Ezelina anam'patsa kamerayo. Lusiya anadina, ndipo sipanachitike kanthu. M'nyumbamo munang'animanso, Aloysius n'kukuwa ngati mbuzi yomwe yaona mpeni.

Lusiya anaponya kamera pansi, nabwerera chambuyo. Koma Ezelina anasendera pafupi ndi galu uja, nakhala pansi, nakonza duku lake.

"Musafulumire, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Ajambuleni bwinobwino, nkhope ioneke."