Tochi M'galasi la Kumanzere

Zaka zonse zimene ine ndi mkazi wanga Verna tinkathawa chisanu cha ku Minnesota kupita ku Arizona, ntchito tinkagawana. Ine chiwongolero, iye mapu. Galimoto yathu inali nyumba yathunthu, ya bedi, khitchini ndi bafa, yaitali ngati basi. Chinthu chotere sungangolowa nacho msewu uliwonse. Verna ndiye ankadziwa kumene kuli mapiri otsetsereka ndi milatho yaifupi. Pakafunika kubwerera chammbuyo, ankatsika ndi tochi n'kumandikodola, ine ndikumuonera m'galasi.

Verna anamwalira nyengo yotentha. Masamba atayamba kuyoyoka, madzulo ena ndinayala mapu patebulo. Mwana wathu Colleen anandipeza pomwepo.

"Adadi, ndipatseni makiyi, tigulitse chigalimotochi. Ku Arizona mupita pandege."

"Ine pandege? Ngati katundu?"

"Amami kulibe. Azikuonerani kumbuyo ndani?"

"Sindibwerera chammbuyo ine. Njira ndakonzayi n'njopita kutsogolo kokhakokha."

"Chabwino. Koma mukangokhula ngakhale penti, makiyiwo ndi anga."

Ndinavomera. Ndipo musandiyese wopusa, njirayo ndinaikonza bwino. Misewu ikuluikulu yokhayokha, malo ogona olowera uku n'kutulukira uko. Galimoto imeneyo ndi imene inanditsalira, m'kati mwake munkamvekabe fungo la mafuta ake odzola.

Ku Nebraska ndinapeza msewu waukulu atautseka, akuukonza. Zikwangwani zinaloza kamsewu kakumidzi. Ndinalowa. Dzuwa linali likulowa, uku ndi uku minda ya chimanga yokololakolola. Kenako msewu unapapatiza, unayamba kutsata mtsinje. Kumanja chitunda, kumanzere phompho, madzi pansi.

Pokhota pena ndinangoona mlatho wa njanji uli kutsogolo kwanga. Waufupi. Ndinawerenga chikwangwani chake kawiri. Denga langa silikanadutsa, ngakhale nditaphwetsa matayala onse. Potembenukira panalibe. Foni inalibe netiweki. Mdima unandipeza ndili phee, manja pachiwongolero.

Ndiye m'galasi la kumanzere munayaka tochi.

Sindinamve galimoto ikubwera. Sindinamve mapazi. Tochiyo inangoyaka kumbuyo kwenikweni, pamene Verna ankaima. Inazungulira kawiri, n'kuyamba kukodola. Nkhope sinkaoneka, mkono wokha. Koma mkono umenewo ndinakhala nawo moyo wanga wonse, sindikanausokoneza ndi wina.

Sindinaope ayi. Ndinalira, ine nkhalamba. Ndinalowetsa giya yobwerera n'kuyamba kutsatira.

Pang'onopang'ono. Tochi ikuti bwera, ine ndikubwera. Inasendera kumanzere, ndinakhotetsa. Inasenderanso, ndinakhotetsanso. Miyala inkalira pansi pa matayala. Mumtima ndinkangoti zikomo mayi, zikomo.

Kenako ndinazindikira china chake. Kunali chete kwambiri. Verna sanandibwezepo chammbuyo osandikalipira. "Orval, maso ako ali kuti? Kumanzere kwinako, mbuzi iwe!" Anthu ankachita kutuluka m'magalimoto awo kudzaonerera. Koma uyu anali wofatsa, wodekha, wosatopa nane.

Ndinaponda buleki, n'kutsitsa windo.

"Verna, tayankhula."

Zii. Madzi okha pansipo.

"Nditukwane kamodzi kokha, mayi. Ndibwera."

Tochi inangopitiriza kukodola. Tsopano mofulumira. Ndinakweza windo, ndinazimitsa injini, ndinakoka buleki yamanja, koma phazi sindinalichotse pabuleki. Inakodola nthawi yaitali. Sindikudziwa kuti inazima liti, chifukwa ndinafika potsinzina.

Kutacha ndinatsika. Tayala lakumbuyo linali m'mphepete mwenimweni, dothi likugumuka pansi pake. Mbali yonse ya chipinda chogona inali italendewera pamwamba pa mtsinje. Pamene tochi ija inaima panalibe poponda munthu.

Anandikoka ndi mlimi wina amene anabwera pa thalakitala. Atamasula tcheni anayang'ana pansi paphomphopo, kenako ine.

"Munali nokha, akulu?"

"Ndekha."

Anavula chipewa, natsitsa mawu. "Oyenda awiriawiri sanaonepo kanthu pano. Amangotukwanizana n'kubwerera bwinobwino. Koma oyenda okha, amene anazolowera kukhala ndi wina, ambiri tinachita kuwavuula ndi zingwe."

Galimoto inalibe ngakhale kachipsera. Pa pangano lija ndinali nditapambana. Komabe nditangofika pamene foni inagwira, ndinaimbira Colleen.

"Bwera udzatenge makiyi."

"Adadi, mwagunda?"

"Sindinagunde. Ingobwera."

Mpaka lero amaganiza kuti chimene chinandiopsa ndi mlatho uja, ndipo ndimamusiya aziganiza choncho. Ndingamuuze bwanji mwana kuti usiku wonse uja phazi langa linkafuna kuchoka pabuleki? Ndikudzidziwa ine. Ikadzayakanso tochi ija m'galasi, sindidzaipemphanso kuti iyankhule.