Chipinda Chathu M'linga la Tchalitchi

Agneta ankadula kabichi ndi amayi ake. Kabichi anali wambiri. Mgolo wosungiramo kabichi unali usanadzaze. Agneta ankafuna kukasewera ndi Ilinka, mwana wa m'busa wa nkhosa.

"Dula kaye," anatero amayi. "Chisanu sichidikira munthu."

Kenaka belu la kutchalitchi linalira. Linalira msangamsanga. Munthu wina anadutsa akuthamanga.

"Asilikali a pa akavalo ali kuseri kwa phiri!"

Amayi anaika mpeni pansi. "Lero lomwe? Tenga bulangete. Tiye."

Anthu onse anathamangira kutchalitchi. Tchalitchi chawo chinali ndi linga. Lingalo linali lalitali. Linali lochindikala. Makolo akalekale ndiwo analimanga ndi miyala. M'lingamo munali zipinda, zina pansi, zina pamwamba. Banja lililonse la m'mudzi linali ndi chipinda chake.

Pachipata panaima Bambo Mihel, mlonda. Ilinka ndi amayi ake analinso pomwepo. Ilinka ankalira.

"Inu kwanu n'kuphiri," anatero Bambo Mihel. "Mulibe chipinda muno. Ndikuikani pati? Chipata ndikutseka tsopano."

Agneta anakoka siketi ya amayi. "Amayi, chipinda chathu chija."

"Chadzaza. Muli matumba a tirigu. Muli nyama. Mulowanso ife."

"Ine ndigona pamwamba pa matumba."

"Ugwa."

"Ilinka andigwira."

Amayi anausa moyo. "Bambo Mihel, awa ndi athu. Alowe msanga. Miyendo ikundiwawa ine."

Analowa onse. Chipata chachitsulo chinatsika. Gu!

Anakwera makwerero. Chipinda chinali chaching'ono ndithu. Amayi anadula nyama youma imene inkalendewera kudenga. Amayi a Ilinka anatulutsa tchizi m'thumba. Onse anadya.

Asilikali anafika. Anazungulira linga. Anayang'ana m'mwamba. Linga linali lalitali. Anamenya chipata. Chipata chinali cholimba. Tsiku lachitatu anatopa, n'kumapita.

Masiku onsewo, Agneta anagwa kamodzi kokha.

Kunyumba, kabichi uja anali pomwe paja. Mgolo unali usanadzazebe.

"Nkhuku atenga," anatero amayi. "Ntchito yokha ndiyo atisiyira."

Anapatsa Agneta mpeni. Anapatsa Ilinka mpeni wina.

"Nyama yanga mwadya nonse awiri. Khalani apo, dulani."

Ilinka anakhala pafupi ndi Agneta. Agneta anam'patsa kabichi wamkulu kwambiri.