Zibangili za Nesma

Vani ija anachita kuikoka ndi chingwe kuchokera kumsewu wa ku Tanta mpaka pakhomo. Maneba onse anatuluka pamakhonde kudzaonerera. Kumbuyo kwake tchizi wa makasitomala anali atasasa ndi dzuwa, fungo lake eeh, osanena.

Inali vani yoyera, yakalekale, imene malemu bambo ake a Medhat anasiya. Ndi imene inkadyetsa nyumba yonse: Medhat, mkazi wake Nesma, ndi mayi ake a Medhat, a Haja Fathiya. Medhat ankanyamulira tchizi ndi mkaka kukagawa m'magolosale a mu Damanhour. Matenda inali nawo ambirimbiri. Kilachi inkaterereka, mabuleki ankalira ngati mphaka, giya yachitatu inkachita kupemphedwa. Koma zonsezo zinali zopirira. Chachikulu chinali kutentha.

Miyezi yapitayo makanika wawo, Usta Gaber, anatsegula poikira oyilo n'kumuonetsa Medhat. Oyilo anali atasanduka ngati tiyi wamkaka. "Gasiketi yapita iyi, madzi akulowa mu oyilo," anatero. "Sinthiratu ikadali yotchipa. Ukakakamira, mutu wa injini ung'aluka, ndiye udzalira."

Ndalama ya gasiketi anapereka Nesma, ya chipereganyu cha kusaluni kumene ankagwira ntchito. Koma kugalaja sinafike. A Haja anati vuto si gasiketi, vuto ndi diso loipa, lija lodzetsa tsoka pa chilichonse chimene layang'ana. Eti chilowereni mtengwa m'nyumbamo, galimoto sinaonepo mtendere. Anagula nkhosa yamphongo, anaizingitsa patsogolo pa vani, n'kudinda zikhatho za magazi pazitseko zonse. Nesma anauzidwa akhale m'chipinda, asasuzumire mpaka magazi aume. Nyama anadya, inde. Oyilo anangokhalabe tiyi wamkaka.

Ndiye masana amenewo Medhat anakwera masitepe manja ali bii, n'kukhala pansi osasamba. Mphodza ndi buledi zinali patebulo, palibe anazikhudza.

"Usta akuti bwanji?" anafunsa Nesma.

"Mutu wang'aluka. Akuti kukonza n'kutaya nthawi, bola injini ina ya kaunjika. Radiyeta nayo yapita, ndi pampu ya madzi yomwe."

"Ndiye zonsezo zingati?"

Medhat anangoyang'ana pamkono pa Nesma. Panali zibangili zinayi zagolide, zimene banja la Medhat linamuveka pachinkhoswe. Golide ameneyo amakhala wa mkazi basi, aliyense amadziwa zimenezo.

"Ukufunsa zingati ngati uli ndi banki," anatero a Haja. "Vula, mwana wanga. Golide sadyedwa."

"Amayi, gasiketi ija sinkafika ngakhale theka la chibangili chimodzi."

"Wayamba."

"Sindinayambe ine. Ndinapereka ndalama, inu munagula nkhosa."

A Haja anamenya tebulo, makapu anadumpha. "Ukundiwerengera nyama imene unadya nawo? Galimoto imeneyi mwamuna wanga anayenda nayo mpaka imvi, wallahi siinamusiyepo pamsewu. Wangobwera iwe, lero kilachi, mawa batire, mkuja utsi. Tiziti chiyani ife?"

"Muziti yakalamba!"

"Medhat, ukumva? Akunena bambo ako ameneyu."

"Sananene bambo, amayi," anatero Medhat motsitsa. Kenako anatembenukira kwa mkazi wake. "Nesma, pulizi. Makasitomala akundiimbira, foni ndachita kuzimitsa. Ndikakhala sabata osagawa tchizi, malo anga atenga wina. Ndidzakugulira zina, inshallah, zoposa izi."

Nesma anayang'ana manja akuda aja, mtima unamupweteka. Ankamukonda mwamunayu, shuwa. Ankadziwa mmene ankadzukira m'mawa kukakankha vani yekha kuti isadzutse maneba ndi kukhosomola kwake. Anayamba kuvula. Chibangili choyamba chinavuta pang'ono pachala chachikulu, zinazo zinangotsatira. Anaziika pafupi ndi mbale ya mphodza, koma dzanja sanachotsepo.

"Tengani zonse, a Medhat. Kundigulira zina musavutike. Ndikungofuna chinthu chimodzi. Nenani pano, amayi akumva, chimene chapha injini."

"Aaa Nesma, siriyasi? Pano?"

"Pano. Usta anakuonetsani oyilo ndi maso anu. Nenani kuti ndi gasiketi. Nenani kuti si diso langa."

Misozi inali itayamba kale kutsika, sanaipukute. "Kogula buledi azimayi akandiona amabisa ana kumbuyo. A Samira apansipa anagula firiji, anailowetsa ataifunditsa bulangeti kuti ndisaione. Mukudziwa amene anawauza. Mukaika injini ina, tayala likaphulika, adzatinso ndine. Ndiye ndidzavula chiyani? Khungu?"

Pansi wogulitsa gasi ankamenya silinda ndi sipanala.

A Haja sanakuwe ulendo uno. Anangogwira pachifuwa n'kuyang'ana mwana wawo. "Nena, mwana wanga. Nena kuti mayi ako ndi chitsiru. Nena kuti nkhosa ndinapha chifukwa cha dyera la nyama, osati chifukwa chokuopera imfa pamsewu. Ndikumva."

Medhat anayang'ana mayi ake, anayang'ana mkazi wake. Anakanda m'mutu, girisi anatsalira pachipumi.

"Gasiketi inali yotha, inde," anatero. Nesma anapumira m'mwamba. "Koma Nesma... zinthu izi zilipo. Amayi sangangonena. Mwina sumachita dala."

Sumachita dala. Mxii.

Nesma anatola zibangili zake. Anavala chimodzichimodzi, osafulumira, a Haja akuyang'ana.

"Ukutani?" anafunsa Medhat.

"Ndikukuchotsera diso m'nyumba. Uone ngati vani idzuke."

Analowa kuchipinda, anatuluka ndi mpango kumutu, chikwama chaching'ono ndi tchaja ya foni. Zina zonse anati achimwene ake adzabwera kudzatenga.

"Golide ameneyo tinagula ndife!" anakuwa a Haja.

"Munandiveka pamaso pa anthu, amayi. Mukamufune kwa bambo anga, pamaso pa anthu omwewo."

Anamenyetsa chitseko, chithunzi cha malemu chinapendekeka pakhoma.

"Mleke," anatero a Haja. "Abwera yekha njala ikamugwira."

Medhat anakhala kaye. Anamva masitepe, anamva geti yapansi, anamva Nesma akuitana tukutuku, kanjinga kamoto ka matayala atatu konyamula anthu. Atamva tukutuku ija ikulira m'pamene anadzambatuka. Anagwetsa mpando, anatsika masitepe awiriawiri akukuwa, "Nesma! Dikira kaye! Nesma!"

Pamene ankafika pansi, tukutuku inali itafika kale pafupi ndi mzikiti. Medhat sanaganize n'komwe. Thupi linangochita zimene linazolowera. Anatsegula vani, anadziponya pampando, anaponda kilachi, anapotokola kiyi.

Kho. Kho. Zii.

Anapotokolanso. Palibe. Anamenya chiwongolero ndi manja onse awiri, hutala inalira kamodzi mofooka. Tukutuku inakhota pakona, osaonekanso. Maneba anali pamakhonde pomwe paja. Medhat anagoneka mutu pachiwongolero, m'kati mwa fungo la tchizi wowola, n'kuyamba kulira ngati mwana.

Pamwamba zenera linatseguka.

"Waona?" anakuwa a Haja. "Mkazi wakoyo waiyang'ananso potuluka!"