Avril ndi Injini Yopanda Dzina

Avril Hindle ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti Vesta apite ndi dzina lake.

Vesta sanali munthu. Vesta anali injini ya sitima. Ankadya malasha. Ankamwa madzi. Ankapuma utsi ndi nthunzi.

Avril anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Nyumba yawo inali yomaliza mumsewu wawo. Kuseri kwa nyumba kunali khoma. Kuseri kwa khoma kunali njanji. Vesta ankaima panjanji imeneyo m'mawa uliwonse. Ankaima kuti amwe madzi.

Adadi ake a Avril ankagwira ntchito pa Vesta. Ankaponya malasha pamoto ndi fosholo. A Sugden ndiwo ankayendetsa. A Sugden anali okalamba komanso okonda nthabwala.

Kumapeto kwa njanji kunali chotembenuzira. Chinali ngati kamlatho kozungulira. Injini inkakwera pamenepo. Anthu ankakankha. Injini inkatembenuka n'kuyang'ana kumene yachokera. Avril ankakonda kuonerera ali pakhoma.

Chaka chimenecho chinali cha 1967. Injini za dizilo zinali zitafika. Dizilo sinkafuna malasha. Sinkafuna fosholo. Injini za malasha zinkachoka imodziimodzi. Zinkapita kokadulidwa.

Lachisanu m'mawa Avril anakwera pakhoma. Anayang'ana pambali pa Vesta. Pamenepo pankakhala chikwangwani chamkuwa. Pachikwangwani pankakhala dzina. Tsiku limenelo panali mabowo anayi okha.

"Adadi, dzina la Vesta lili kuti?" anafunsa Avril.

"Alichotsa, mwanangu," anatero Adadi. "Mawa ndi ulendo wake womaliza."

"Apita wopanda dzina?"

"Wopanda dzina, wosasamba," anatero a Sugden. "Ngati adadi akowa Lolemba m'mawa."

"Mkulu, yambani mwaona khosi lanulo," anatero Adadi.

A Sugden anaseka. Adadi anaseka. Avril sanaseke.

Pochokera kusukulu Avril anapita kushedi. Shedi ndi kumene injini zinkagona. Pageti panali a Pilling, kapitawo wa shedi. A Pilling ankavala chipewa chakuda chobulungira. M'thumba mwawo munkakhala buku la malamulo.

"A Pilling, ndikupempha dzina la Vesta," anatero Avril.

"Kuno kulibe Vesta," anatero a Pilling. "Kuli zitsulo zakale."

"Mwina mungomupukutako."

"Palibe amene amapukuta zitsulo zakale."

"Ndiye dzinalo ndilemba ndekha."

A Pilling anatsegula buku lawo. Ananyowetsa chala. Anawerenga pang'onopang'ono.

"Mwana saloledwa kulowa pageti. Mwana saloledwa kuponda pabwalo la shedi. Wamva?"

"Ndamva. Geti ndi bwalo."

"Eya. Geti ndi bwalo."

"Nanga khoma la kuseri kwathu ndi la ndani?"

"Ndi la nyumba yanu. Ine sindisunga makoma a anthu."

"Zikomo, a Pilling," anatero Avril.

A Pilling sanamvetse chimene anawathokozera.

Loweruka linafika. Vesta anayenera kunyamuka 10 koloko. Anabwera kudzamwa madzi ngati masiku onse. Anali wakuda bii ndi mwaye.

Avril anakwera pakhoma. Anali ndi bokosi la choko. Chinali choko chojambulira phada mumsewu.

Anatambasula dzanja. Dzanja silinafike.

Anamangirira choko kutsache. Tsache silinafike.

Avril anayang'ana pabwalo pawo. Amayi ankayanika zovala. Chingwe cha zovala ankachichirikiza ndi ndodo yaitali.

"Amayi, ndibwerekeni ndodo."

"Ya chiyani?"

"Ya Vesta."

Amayi anakweza chovala m'mwamba. Chinali ndi timadontho takuda.

"Ukuona izi? Injini imeneyo yandidetsera zovala zaka khumi. Ipite."

"Apite ndi dzina lake, Amayi."

Amayi anayang'ana Avril. Anayang'ana Vesta. Anachotsa ndodo ija.

"Ndikuifuna 10 koloko," anatero. "Ndipo usagwe."

Avril anamangirira choko kundodo. Ndodo inafika.

Kulemba ndi ndodo yaitali n'kovuta. Ndodo inkagwedera. Choko chinkaterereka. Avril analuma mlomo. Analemba V. Analemba E.

"Iwe mwana."

Anali a Pilling. Anaima pansi pa khoma, buku lili m'manja.

"Sindinalowe pageti," anatero Avril. "Sindinaponde pabwalo."

A Pilling anatsegula buku. Anayang'ana kumayambiriro. Anayang'ana pakati. Anayang'ana kumapeto. M'bukumo munalibe khoma. Munalibe ndodo ya zovala.

"A Sugden, mukuziona izi?" anafunsa a Pilling.

"Ine, bwana? Maso okalamba awa. Amangoona njanji."

"Nanga inu a Hindle? Mwanayu ndi wanu."

"Khomalo ndi la mayi ake, bwana," anatero Adadi. "Kakambiraneni nawo."

A Pilling anasuzumira. Amayi anali ataima pabwalo, manja ali m'chiuno. A Pilling sanapite kukakambirana nawo.

Anatola sanza. Anakwera pambali pa injini. Anafufuta E. Anafufuta V.

"Basi," anatero a Pilling.

"Si basi," anatero Avril. "Ndilembanso."

Analemba V. Analemba E. Analemba S.

A Pilling anafufuta. Anafufuta mwamphamvu.

"Ndilembanso," anatero Avril.

Analemba V. Analemba E. Analemba S. Analemba T. Mikono inayamba kuwawa. Maso anayamba kutentha. Koma ndodo sanaitaye.

A Pilling anafufuta. Anafufuta m'mwamba. Anafufuta m'munsi. Sanza inada. Anatenga sanza ina. Thukuta linatsika pansi pa chipewa.

"Ndilembanso," anatero Avril.

"Bwana, mwaiwala apa," anatero a Sugden. "Chakumanzereku."

A Pilling anaima. Anayang'ana pamene ankafufuta paja. Mwaye unali utachoka. Pansi pa mwaye panali utoto wobiriwira. Unkawala padzuwa.

"Mwapukuta bwino, a Pilling," anatero Avril. "Tsopano choko chioneka kwambiri."

A Pilling anagwira utotowo ndi chala.

"Wobiriwira," anatero. "Ndinali nditaiwala."

Anatulutsa wotchi yawo. Nthawi inali itapita.

"Choko chatsala chochuluka bwanji?"

"Bokosi lonse."

"Nanga mikono yako?"

"Ikuwawa. Koma ndilembanso."

A Pilling anapuma mwamphamvu. Anatsika pansi.

"Sitima ya mushedi mwanga sichedwa," anatero. "Lemba msanga. Ndipo lemba mowongoka."

Avril analemba V. Analemba E. Analemba S. Analemba T. Analemba A. Zilembo zinali zoyera pautoto wobiriwira. Chilembo cha A chinapendekeka pang'ono. Palibe anadandaula.

A Pilling anazungulira injini. Anabwerera nkhope ili gwa.

"Mbali inayo kulibe dzina," anatero. "Injini imakhala ndi dzina mbali zonse ziwiri. Ili ndi dongosolo. Ziwiri, kapena ndifufuta ili."

Avril anayang'ana ndodo yake. Ndodo sikanafika mbali inayo. Pageti sakanalowa. Pabwalo sakanaponda.

Khoma linali limodzi. Mbali zinali ziwiri. Kodi iwe ukanatani?

Avril anaganiza. Anayang'ana kumanzere. Anayang'ana kumanja. Anayang'ana kumapeto kwa njanji.

"Ine sindingapite mbali inayo," anatero. "Mbali inayo ibwere kwa ine."

Analoza chotembenuzira ndi ndodo.

"Koma mwanangu, Vesta wayang'ana kale kumene tikupita," anatero Adadi. "Tikamutembenuza, ayang'ana kolakwika."

"Ndiye mumutembenuze kawiri, Adadi."

"Kawiri?" anatero a Sugden. "Msana uwu ndi wamkulu kuposa injiniyi."

"Nanga pakamwapo bwanji sipakalamba?" anatero Adadi.

A Pilling anayang'ananso wotchi. Anavula chipewa chawo. Anachipereka kwa Avril pakhoma paja.

"Gwira ichi. Usachipake choko."

Vesta anabwerera chambuyo. Anakwera pachotembenuzira. Adadi anakankha. A Sugden anakankha. A Pilling anakankha. Vesta anazungulira pang'onopang'ono.

"Kankhani, bwana," anatero a Sugden. "Musangotsamira."

"Khalani chete, a Sugden," anatero a Pilling.

Vesta anabwera pakhoma. Mbali yachiwiri inayang'ana kwa Avril. Inali yakuda bii. A Pilling anatenga sanza. Palibe anawatuma. Anapukuta mpaka utoto unaoneka.

Avril analemba V. Analemba E. Analemba S. Analemba T. Analemba A. Ulendo uno A anawongoka.

Vesta anapitanso pachotembenuzira. Adadi anakankha. A Sugden anakankha. A Pilling anakankha. Vesta anayang'ana kumene ankapita.

Kunatsala mphindi zisanu.

"Kwatsala mwambo umodzi," anatero Adadi.

Anatsuka fosholo ndi madzi otentha a mu injini. Amayi anapatsira mazira pamwamba pa khoma. Anapatsira nyama ya nkhumba ndi buledi. Adadi anaswera mazira pafosholo. Anailowetsa pakhomo la moto. Moto wa injini suchedwa. Mazira anapsa nthawi yomweyo.

Avril anadya ali pakhoma. Amayi anadya ali pabwalo. A Sugden anadya ali pampando wawo.

"Bwana, bukulo likuti chiyani za mazira?" anafunsa a Sugden.

"Silinena kanthu," anatero a Pilling. Anatenga buledi wawo n'kudya.

10 koloko inakwana. A Sugden anakoka chingwe. Vesta analira mokweza. Mawilo anayamba kuyenda. Utsi unakwera m'mwamba.

Pamlatho wodutsa pamwamba pa njanji panali anthu ambiri. Anabwera kudzaona ulendo womaliza. A kumanzere anawerenga dzina. A kumanja anawerenga dzina.

"Ndi Vesta," anatero mnyamata wina.

"Ndi Vesta," anatero agogo ena. "Ndiye anatinyamula popita kunyanja titangokwatirana."

Avril anaimirira pakhoma. Anakweza ndodo m'mwamba. Adadi anakweza fosholo. Vesta anakhota pakona. Anapita ndi dzina lake.

Avril anabweza chipewa kwa a Pilling. Chinali ndi zidindo zoyera za zala zisanu. A Pilling anachivala choncho.

Kenako Avril anabweza ndodo kwa Amayi. Mwaye unkagwa pang'onopang'ono. Unagwera pamalaya. Unagwera pansalu zapabedi.

"Pepani, Amayi," anatero Avril.

"Usiye ugwe," anatero Amayi. "Ndi womaliza."

Lolemba m'mawa Avril anakwera pakhoma. Panjanji panabwera injini ya dizilo. Inali yatsopano. Sinaime kuti imwe madzi. Inangoima kudikira chizindikiro.

Adadi anasuzumira pawindo la dizilo ija. A Sugden anali pambali pawo. Nkhope yawo inali yoyera. Khosi lawo linali loyera.

"Mwamuona mwamuna wanu, mayi Hindle?" anafunsa a Sugden. "Ine sindinamuzindikire."

Amayi anaseka. Zovala zawo zinali mbee pachingwe. Fosholo ya Vesta inali pakhomo la khitchini. A Pilling anati inalibenso ntchito kushedi. Dzulo lake, Lamlungu, Adadi anakazingirapo mazira kunyumba.

Avril anayang'ana dizilo ija. Anayang'ana kutsogolo kwake. Anayang'ana pambali pake. Inali ndi nambala yokha.

"Adadi, iyi dzina lake ndani?"

"Ilibe dzina, mwanangu."

Avril anayang'ana bokosi la choko. Anayang'ana ndodo ya zovala.

"Avril," anatero Amayi.

"Sindinanene kanthu, Amayi."

"Ndikudziwa," anatero Amayi. "Dikira zovala ziume kaye."