Mphindi Khumi za Basi 47

Lachinayi, nthawi ya 2:14 masana, basi nambala 47 inagunda bambo wokalamba wapanjinga pa msewu wakuseri kwa msika wa Sanwol. Dzina lake linali Bong Du-sik. Kabichi yemwe ananyamula anamwazikana mumsewu monse. M'basimo munalibe okwera. Dalaivala, Yeom Gi-tae, anayang'ana pagalasi, n'kupitirira.

Mayi wina wogulitsa nsomba zouma anangoona mtundu wa basiyo. Nambala sanaione. Apolisi analembera kampani ya mabasi kuti pofika Lolemba iwapatse kaundula wa maulendo onse a tsikulo.

Kaundulayo ankasungidwa m'makompyuta akuluakulu atatu olumikizana. Chilichonse cholembedwa mu imodzi chinkalembedwanso mu zinazo. Awiri anali kulikulu, yachitatu kudepoti yakutsidya kwa mtsinje. Woyang'anira makinawa anali Ryu Seong-uk, mwamuna wa mlongo wake wa Yeom.

Loweruka masana awiriwa anakumana pamalo odyera. Supu ya Yeom inazizira osaikhudza.

"Alamu, musinthe mphindi khumi zokha m'kaundula," anatero Yeom. "Zingooneka ngati ndinadutsa msewu waukulu."

"Mukudziwa chimene mukundipempha?"

"Ndikudziwa. Ana anga awiri aja mukuwadziwanso."

Ryu anapukuta magalasi ake nthawi yaitali.

Lamlungu m'mawa linali tsiku losunga kope la kaundula. Lamulo lake linali limodzi: makina onse atatu azimitsidwe kaye, kenako munthu akope kapena abwezeretse chilichonse. Ryu anazimitsa awiri akulikulu. Yakudepoti anaituma uthenga woti izime, koma sanadikire yankho. Anasintha mphindi khumi za basi 47 m'kopelo, n'kulibwezeretsa, n'kuyatsa makina. Pofika 11 koloko anali kunyumba akuthirira maluwa.

Lolemba m'mawa mnzake wapantchito, Mayi Pyo Hae-rin, anapeza makina akukangana. Awiri ankanena zofanana. Yachitatu inkakana.

"A Ryu, yakudepotiyi yatani?"

"Yakalamba imeneyo. Ifufuteni, ikopere kwa zinzake."

"Ndifufute ndisanaone?"

"Mayi Pyo, ntchitoyi ndinakuphunzitsani ndine."

"N'chifukwa chake sindifufuta," anayankha motero uku akumwa tiyi wake wa balere.

Anafananitsa mzere ndi mzere. M'maulendo zikwizikwi, kusiyana kunali pamalo amodzi okha: mphindi khumi za basi 47. Anatuluka panja ndi foni yake, n'kuimbira apolisi.

Wapolisi wofufuza milandu, Tak Min-cheol, anafika 1 koloko. Anali munthu wonenepa, wolankhula pang'onopang'ono.

"Ine zamakompyuta sindizidziwa, bambo Ryu," anatero. "Mundithandize. Awiri akuti basi inali pa msewu waukulu. Imodzi ikuti inali kuseri kwa msika. Wabodza ndani?"

"Timakhulupirira ochuluka."

"Kwathu kupolisi ayi. Mboni ziwiri zikanena mawu ofanana ndendende, timafunsa kuti zinagona kuti. Dzulo munazimitsa onse atatu?"

"Onse."

Mayi Pyo anatembenuza kompyuta yake kuti onse aone. Makina akudepoti anali asanazimepo kwa masiku makumi anayi. Uthenga wa Ryu unakanirira panjira.

"Ndiye yomwe simunaikhudze ndi imene ikunena za msika," anatero Tak. "Woyendetsa 47 Lachinayi anali ndani?"

Ryu anayang'ana pansi.

"Ndi mlamu wanga."

"Tengani jekete lanu. Kunja kukuzizira."

Tak anasiya Ryu m'manja mwa anzake. Iye anakadikira pa siteji yapafupi ndi sukulu ya pulayimale. Basi 47 inafika 3:20. Anakwera, n'kugunditsa khadi lake lolipirira ngati wina aliyense, n'kuima pambali pa dalaivala. Anamuonetsa chiphaso chake cha upolisi mwakachetechete.

Yeom anayang'ana chiphasocho.

"Bwana, ndatsala ndi masiteji anayi. Muli ana asukulu umu."

"Afikitseni. Ine sindikuthamangira kulikonse."

Tak anakhala pampando wakutsogolo. Ana anatsika akuseka. Mayi wina wa zikwama ziwiri anatsika pa siteji yachitatu, Tak n'kumuthandiza kutsitsa katundu. Pa siteji yomaliza munatsala anthu awiri okha.

Yeom anazimitsa injini. Anavula magolovesi ake oyera, n'kuwapinda bwinobwino. Makiyi anawapereka ndi manja awiri.

"Alamu anga aja musawavute. Ndinawakakamiza ndine."

"Zimenezo mukanene kukhoti."

Yeom anagwedeza mutu. Atafika pakhomo la basi anaima.

"Nanga mkulu uja ali bwanji?"

"Watisiya lero m'mawa, cha m'ma 9 koloko," anatero Tak. "Madokotala akuti akanafika naye msanga, bwenzi ali moyo."

Yeom anakhala pansi pa sitepe ya basi. Tak sanamufulumizitse. Anadikira mpaka munthuyo atatambasula yekha manja ake kuti amangidwe unyolo.