Chivindikiro Chimene Ndinamata Katatu

Ine za mizimu sindikhala nazo pansi, ndipo anzanga a m'kalabu ya opanga tindege kuno ku Córdoba amandidziwa kuti ndine wamakani. Koma izi zinachitikadi, masanasana dzuwa likuswa mtengo, ndipo mlamu wanga Nicanor analipo.

Mayi Ofelia Barrionuevo anandipempha kuti ndiwapangire kandege kofanana ndi ndege imene mchimwene wawo ankayendetsa pa nkhondo ya ku zilumba za Malvinas. Inagwera m'nyanja, mtembo osapezeka. M'kalabu mwathu tili ndi lamulo: ndege imene sinabwerere suikamo kachidole ka woyendetsa. Mpando umausiya wopanda munthu, chivindikiro chake chagalasi n'kuchimata. Ndinatero.

Mawa lake, nditadzuka ku tulo ta masana, ndinapeza chivindikiro chili chotsekula. Ndinamatanso. Tsiku linalo, chimodzimodzi. Guluu wangayo sachita masewera, ukafuna kumatula umathyola basi. Koma panalibe mng'alu ngakhale umodzi. Ntchito yaukhondo chonchi ndi ya munthu wodziwa kugwira kampeni, ndipo wotero, wolowa pakhomo panga osaodira, anali Nicanor yekha. Zaka makumi atatu tinkapenta patebulo limodzi, koma chimuposereni pa mpikisano wa chaka chatha, kasekedwe kake kanali kasakundisangalatsa.

"Alamu, manjawo akuyabwa eti?" ndinamufunsa.

"Ayabwa chiyani?"

"Kandege ka mayi Ofelia. Nsanje imeneyi mudzafa nayo."

"Iwe Evaristo, ine ndisiye tulo tanga kudzamatula zidole zako? Mata ndikuona. Tikhala pompano."

Ndinamata kachitatu. Ndinatseka chitseko ndi mawindo, tinakhala moyang'anizana, kandege pakati, tikupatsirana chikho cha tiyi wa yerba. Ndivomere, kandegeko sindinkakayang'ana. Ndinkayang'ana manja ake.

Cha m'ma 3 koloko, galu wa aneba analeka kuuwa. Kenako fungo. Silinali la penti kapena la guluu. Linali la madzi amchere osakanikirana ndi mafuta a ndege, chikhalirecho kuchoka kuno kukafika kunyanja ndi ulendo wa tsiku lathunthu. M'chipinda munazizira mpaka mano kugundana.

Ndiye tinamva. Go. Go. Go. Pang'onopang'ono, ngati chikhadabo pagalasi.

"Wamva?" Nicanor ananong'ona.

"Chotsani phazi kunsi kwa tebulo."

"Mapazi anga ali kuno. Manja ndi awa."

Anawatambasula. Kugogoda sikunaleke.

Ndinawerama. Galasi linali litachita nthunzi cha m'kati, monga limachitira munthu akalipumira. Pampando panalibe kanthu. Go. Go. Kenako kuti the! Chivindikiro chinadzuka chokha. Kugogoda kunatha. Pampando panatsala kadontho ka madzi. Nicanor anakakhudza ndi chala, n'kulawa.

"Mchere," anatero.

Mantha anandigwira, koma manyazi ndiwo anaposa. "Pepani alamu. Ndinakuganizirani zoipa."

"Chinthu chikugogoda m'katimo, iwe n'kumafufuzabe mapazi anga." Analankhula motsitsa, osakwiya n'komwe. "Zoti munthu wakufa akupempha kutuluka unazikana, chabwino. Koma zoti ine ndingakuwonongere ntchito unazikhulupirira tsiku loyamba lomwe."

Anasonkhanitsa maburashi ake, n'kutuluka.

Kandegeko ndinakapereka kwa mayi Ofelia chivindikiro chili chotsekula, ndipo ndinawachenjeza kuti asadzayerekeze kumata. Sanafunse chifukwa. Anangokanunkhiza, n'kukhala pansi, misozi ili chuchuchu.

Papita miyezi isanu tsopano. Ndapitako kwa Nicanor kawiri, ndanyamula botolo la vinyo, koma amandilandirira pakhonde ngati wodzawerenga mita ya madzi. Ku kalabu amandipatsa moni mwaulemu wonse, ndipo ulemuwo ndi umene umandipweteka. Kale ankanditchula kuti kadzidzi wokalamba. Lero amanditchula kuti bambo Ledesma.